Liwu la Lolemba

Lolemba ndinalilemba pa bolodi ndi kachoko kotsala,
ana a giredi seveni akuyasamula m'kutentha kwa Okutobala.
Pulimachuwa.
Ndinati: ndi chinthu chofika nthawi yake isanakwane.
Mvula yogwa mbewu zikadali m'sitolo ku Kapata,
mango othyoledwa akuchucha utomoni,
kuvinira chigoli mpira usanalowe.
Ndinawauzanso kuti Angerezi amadzudzula nalo,
akafuna kunena kuti munthu wapupuluma.

Yotamu Njobvu, wa pa benchi la kumbuyo, analemba kuti:
Mkulu wanga ndi pulimachuwa, amanyamula matumba a feteleza.
Ndinakhwatcha ndi inki yofiira.
Munthu wandevu satchedwa choncho, ndinatero. Khala pansi.

Lachinayi usiku Velenasi anandifinya dzanja,
miyezi iwiri ikadali lende pa kalendala.
Matewera tisanagule, beseni tisanagule,
apongozi ku Chadiza akuwerengera Disembala.
Galimoto ya aneba inalira katatu isanavomere.

Kutacha nesi analemba pa khadi, osakweza n'komwe mutu,
liwu langa lomwe lija,
zilembo zonse m'malo mwake, popanda poti ndikhwatche.
M'munsi mwake: wamkazi, kilo imodzi ndi theka.
Paketi yaikulu ya shuga ikumuposa.

Lero ali m'malaya mwanga, womangidwa ndi chitenje,
khungu pa khungu, monga anandionetsera.
Chala chake chachikulu ndi kambewu ka mpunga.
Akapuma ndimawerenga, akachedwa ndimaiwala kupuma ineyo.
Ndafufuza m'liwu lija chidzudzulo chomwe ndinaphunzitsa.
Wapupuluma ndani apa?
Velenasi, amene wagona chokhala, mkaka akukamira m'kapu?
Kapena uyu, amene sadziwa kuti kuli kalendala?

Mayi wa pa bedi la kuzenera, wa ku Vubwi,
Chingerezi alibe nacho ntchito.
Akuti: aphunzitsi, mwanayo wangolawira,
ndi mlendo wofika nyumba isanasesedwe.
Mumam'bweza? Mumayala mphasa pa fumbi pomwepo.

Dzina tisanam'patse. Tikuopa kufulumira ifenso.

Koma Lolemba ndikalowa m'kalasi
ndikayamba ndi kope la Yotamu.
Inki yofiira sifufutika, ndikalemba pambali pake.
Kenako ndikam'tengera panja, pansi pa mtengo wa mbawa,
andiuze bwinobwino za mkulu wakeyo:
anayamba kuyenda ali ndi miyezi ingati,
amadwala m'chifuwa kukazizira,
nanga matumba aja, ndi a makilo angati?