Chithunzi Nambala 47

Mu holo ya ku Burnie apachika zithunzi makumi asanu ndi limodzi.
Ziombankhanga zatambasula mapiko pakhoma,
nsomba zikunyezimira ngati angozivuula kumene,
chilichonse maso ngwee, ubweya wopesapesa.

Changa achiika pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikulawira kusanache,
fosholo ili kumbuyo kwa lole ya khonsolo,
kukatola zimene magalimoto asiya usiku
pamsewu wopita ku Waratah.
Nyama za pachilumba chino ndimazidziwa kulemera kwake,
mayina ake a Chilatini ayi.

Ndinajambula wombati atagona chagada m'mphepete mwa phula,
chisanu chitamuyeretsa ndevu,
mwendo umodzi utaloza kumwamba
kumene kulibe kanthu.

Mayi Pybus, woweruza, anaima pamenepo kanthawi,
magalasi ali m'manja.
"Bambo Triffitt, mpikisano uno
ndi wokondwerera zamoyo."

Ndinati: yang'anitsitsani pamimbapo.

Anawerama.
Pakamwa pa thumba la mayiyo,
pamene ndinathera masabata atatu
ndi kaburashi koonda ngati nsidze,
kaphazi kofiira, kopanda ubweya,
kosaposa nyemba,
katasuzumira kunja.

Sananene kanthu. Anavala magalasi, anawavulanso.

Mphoto inapita kwa chiombankhanga.
Nchokongola, sindikana.

Ine ndinachoka asanatsegule vinyo.
Teni koloko ndi nthawi ya botolo la mkaka,
ndipo mwini kaphazi kaja,
amene wandidyera kale nsapato ziwiri
ndi mwendo wa mpando,
sadziwa kudikira.