Njinga za Waya

Bondo langa linathera pamtsetse wa ku Kanjala
tsiku limene buleki inandikana
nditasenza matumba awiri a nsawa.
Ine anandinyamula pamsana.
Njinga anaiguza ndi ana, itapindika ngati chikwakwa.

Miyezi inayi ndili pakhonde ku Mchini,
kuwerenga anzanga akamadutsa ndi anthu pakaliyala,
belu ngiri ngiri, "Kapata, amayi? Kwerani!"
Ine ndodo pambali, ngongole ya nyumba ikukula ngati dzungu.

Mlongo wanga Zelipa sadziwa kupepesa munthu.
Anabwera ndi thumba la zidutswa za chitenje,
zija atelala amasesera kunja madzulo,
nalikhuthula pamiyendo panga.
"Pabwalo la tchalitchi kuli msika wa zamanja Khisimisi isanafike.
Lathyoka ndi bondo.
Kodi zala nazonso zili m'chikhakha?"

Tinayamba ndi zotsekera mabotolo
zimene Tikambenji, mwana wake, ankatola kuseri kwa bawa.
Kuphwanya ndi mwala, kukulunga kansalu, kuboola ndi msomali,
basi ndolo zatheka.
Kalendala yakale tinaicheka mizeremizere,
kukulungiza pa kamtengo, kumata ndi phala la chinangwa:
Malichi yense anasanduka mkanda.
Chigoba cha dambe, ukachipala bwino ndi galasi losweka,
chimavomera kukhala mbale ya makiyi.

Angelo a makoko a chimanga ndiwo anandivuta.
Woyamba anatuluka khosi lili pambali
ngati wagona kumowa,
Tikambenji anaseka mpaka kutsamwa.
Wachisanu ndi chiwiri anaima yekha.

Usiku wina magetsi atapita
ndinakwawira pamene panali mtembo wa njinga yanga.
Ndinazula sipoko imodzi. Kenaka ina.
Manja ankakumbukira zonse:
pamene chimango chimapendekera,
kutalika kwa foloko, mmene hendulo imatambasukira.
Matayala ndinadula ku chubu chakale,
pakaliyala kakhushoni kofiira, monga kanga kaja.
Ndipo iliyonse, ngakhale ndi yaing'ono ngati chikhatho,
ndinaiikira buleki yogwira.
Zelipa anati ndikutaya nthawi, wogula saona zimenezo.
Sindinamuyankhe.

Tsiku la msika mvula inadza isanakwane teni.
Pepala lapulasitiki linali limodzi, tinafunditsa ndolo.
Angelo ananyowa, mapiko pansi ngati nkhuku,
tinawatsitsa mtengo pakati.
Anamwino atatu anatenga ndolo zonse za buluu,
mmodzi nkumafunsa ngati sizichita dzimbiri.
Zichita, mayi, koma Khisimisi idzakhala itapita.

Bambo wina wa galimoto lalikulu ananyamula kanjinga,
nakatembenuza uku ndi uku.
"Waya chabe uyu. Makwacha makumi asanu?"
Ndinati, zunguzani gudumu.
Linazungulira.
Ndinati, tsopano finyani apa.
Linaima nji.
Anandiyang'ana bondo, nayang'ananso kanjinga,
komabe anachotsapo makwacha asanu.

Chakumadzulo kunabwera aShawa, thukuta kamukamu,
njinga yawo yeniyeni ataitsamiritsa pampanda.
Anawerenga tindalama ta tsiku lonse pachikhatho,
nati ka kakhushoni kofiira ako nkamwana wanga.
Ndinakana ndalama. Anazisiya patebulo,
nandiuza kuti pamtsetse paja anathirapo miyala.

Tinabwerera ndi angelo atatu opanda wowafuna
ndi mbale imodzi yong'aluka.
Ndalama ya nyumba sinakwane, yatsala pang'ono.
Tikambenji wapeza nsapato za pasalaula, zokula nazo.

Tsopano gudumu lakutsogolo latha, latsala mkombero wokha.
Lakumbuyo lidakali ndi sipoko makumi awiri ndi zinayi.
Zelipa akufunsa kuti zikatha nditani.
Ndamuuza asade nkhawa,
ku Chipata kuno njinga sizileka kuthyoka.
Iye wati pakamwa panga mpoipa,
nandiponyera thumba lina la zidutswa.