Phulusa la Wakabaza

Bambo mfumu anandilemba mtanda pachipumi
m'mawa wa Lachitatu, chala chawo chili chozizira,
koma ndisanafike pansanja ya wotchi
thukuta linali litaunyambita wonse.
Dzuwa la Mangochi silidziwa Lenti.
Phulusa linatsikira m'maso, n'kulowa m'kamwa,
ndipo ndinati: ndamva Ambuye, ndine fumbi,
koma fumbi limeneli lili ndi lendi yoti lilipire.

Masiku makumi anayi.
Ndinalonjeza kusala mpaka dzuwa lipendeke.
Velediana anaseka akupukuta mbale zouma kale:
"Febuluwale yense tasala osafuna,
lero njala yomweyo mwaiveka malaya a ku tchalitchi?"
Sindinamuyankhe.
Funso lake ndimayenda nalo pakaliyala,
likulemera kuposa thumba la makala.

Pemphero ndimaliyamba ndikamakwera mlatho.
Mzere woyamba ndimakhala nanu,
wachiwiri unyolo umavuka,
pofika popempha chakudya
mphuno yatsetsereka kale kumsika
kumene Abiti Saizi akutembenuza kanyenya m'mafuta.
Ameni ndimamupeza usiku
ali yekha m'thumba, pakati pa makobili.

Mtima wanga ndi mbuzi ya pamsewu wa ku Namwera,
hutala ikalira uku, iyo ithawira komweko.

Che Ndembo, mnzanga wa pasiteji,
amene mwezi wawo ukakwana salawa ndi madzi omwe,
anandipeza ndikuyang'ana wotchi kachisanu.
"Ukusala chakudya kapena ukulondera nthawi?
Pachitunda sayang'ana tayala, m'bale wanga."
Anatero n'kunyamuka ndi kasitomala amene ndinkamuyembekeza.

Lachisanu ndinasala bwino mpaka masana,
kenaka mnyamata wa tayi anatsika ku Boma
n'kundipatsa theka la zomwe tinagwirizana.
M'mimba munalibe kanthu,
koma m'kamwa munatuluka zonona zokhazokha,
mpaka amayi ogulitsa nthochi anagwira pakamwa.
Madzulo pa Njira ya Mtanda, pamene munagwa kachiwiri,
ine ndinali ndikuwerengabe chenji changa.

Ndiye dzana kunabwera mayi wa ku Mpondasi,
mwana kumsana, thupi lotentha ngati lata.
Anati kuchipatala, sananene za mtengo.
Ulendo wonse sanayankhule,
ine sindinacheuke, poti wakabaza sacheuka,
ukafuna kuona nkhope ya amene wamunyamula
nonse mukathera mu ngalande.
Ndinkangomva kulemera kwake m'mawondo,
akapendamira kumanzere, ine ndikonza chiwongolero,
akagwira malaya anga, ndichepetsa liwiro.
Dzenje lililonse ndinaliona lisanafike.
Kanyenya tinamudutsa, sindinamumve.

Pageti anamasula mfundo ya chitenje.
Ndinati sungani, mwana afuna phala.
Nditatembenuza njinga ndinazindikira
kuti kuchokera ku Mpondasi sindinaganize za mimba,
kapena lendi, kapena mnyamata wa tayi.

Kodi ndi mmene mumakwerera, Ambuye?
Ine ndinkakusakani kutsogolo, m'mitambo ya ku Malindi,
ndikudandaula kuti nkhope yanu simundionetsa,
pamene Inu muli phee kumbuyo kwanga
mukudikira ndiphunzire kupalasa mosamala.

Atsala masiku makumi awiri ndi atatu.
Sindikulonjeza zambiri, mukundidziwa.
Mawa mphuno idzathawanso,
lilime lidzadumpha mpanda,
ndipo Velediana sindinamuyankhebe.
Koma ndikadzamva njinga ikupepuka modabwitsa,
ikuthamanga yokha ngati ya mwana wasukulu,
ndidzaima pambali pa msewu,
phazi limodzi pansi,
ndibwerere pomwe ndakutsitsani.