Dimba la pa Bilu ya Magetsi

Kuno ku Kuldiga chipale chimachoka ngati mlendo waulesi:
chatsanzika kale katatu
koma chidakali pakhomo, chitada ndi mwaye,
chitatsamira mpanda wa kumpoto.

Dimba langa lidakali pa thebulo,
kuseri kwa bilu ya magetsi ya Febuluwale.
Ndalijambula ndi pensulo yotafunidwa kumutu:
mabedi anayi, kanjira pakati,
kamtanda pamene pali mtengo wa maapozi woba dzuwa.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinayendetsa basi ya ku Ventspils,
kupita, kubwera,
kuonera minda ya eni pa galasi.
Sindinadzalepo ngakhale anyezi mmodzi.

Dzintra anabwera ndi labala.
Anafufuta theka la tomato wanga,
n'kulembapo bitiruti ndi nkhaka zake za m'mabotolo.
"Tomato kuno ndi mwana wodwaladwala," anatero,
"wodzuka usiku kukamufunditsa ukhala iweyo."
Sindinayankhe. Atagona ndinabwezerapo mizere iwiri.

Pa zenera la kukhitchini
pali makapu a yogati khumi ndi asanu ndi awiri,
obooledwa kunsi ndi msomali wamoto.
Masiku asanu ndi anayi kunali zii, dothi lokhalokha.
Ndinkaima pamenepo m'mawa uliwonse
monga ndinkaimira pa siteji yopanda munthu,
chitseko chili chotsegula, injini ikulira.
Tsiku lakhumi, taonani kakhosi kobiriwira, kopindika,
kadakali ndi chipewa cha khoko kumutu.
Ndinakuwa mpaka Dzintra anathamanga, kuyesa ndagwa.

Mphaka wadya atatu.
Sitikuyankhulana.

Aivars wa kuseri kwa mpanda
akuti nthaka siidziwa kuwerenga kalendala.
"Vula buluku, khala pansi.
Matako akapirira, mbewu nazo zipirira."
Ndinamuseka. Koma Lachitatu m'bandakucha,
msewu uli phee, ndinakayesa,
ndi chikhatho chokha, ndisaname,
ndipo kuzizira kunakwera mpaka m'chigongono.
Ndinabwerera m'nyumba, kukanola pensulo.

Dokowe anafika Epulo atangoyamba,
kutera pa pholo la magetsi, kugogoda mlomo
ngati kalipentala wochedwa pa ntchito.
Tsiku lomwelo fosholo inalowa yokha.
Dothi linatembenuka lakuda bii, likutuluka nthunzi,
likununkha ngati chipinda chapansi chosungira mbatata.
Nyongolotsi inadzipinda, kudandaula kuwala.
Ndinafukula supuni yadzimbiri, chibenthu cha mbale,
kenako kagalimoto kofiira ka matayala atatu
kamene Gatis anakalirira sabata yathunthu
ali ndi zaka zisanu.
Lero amathyola bowa ku Ireland,
amaimba foni Lamlungu, akakumbuka.
Ndinakapukuta pa malaya.
Ndakaimika pa chikhomo cha bedi loyamba.

Msana unayamba kuyankhula pa bedi lachiwiri.
Lachitatu ndi lachinayi adakali pa pepala,
ndipo pa pepalapo ndi owongoka bwino.
Apa pansi chingwe ndinakoka ndithu,
koma mzere wa nsawawa wakhota
ngati msewu wa pafupi ndi mlatho wa Venta.
Karoti, njere zake ngati fumbi,
zina zapita ndi mphepo kwa Aivars.
Adzandithokoza mu Ogasiti.

Usiku uno wailesi yati chisanu chibweranso.
Dzintra akuti nsawawa siiopa kuzizira,
kuti n'zamisala kufunditsa mbewu yosamera.
Komabe ndamasula katani ya pabalaza,
ya maluwa achikasu ija, mphatso ya apongozi,
ndatuluka nayo mumdima, nditavala nkhwaira.

Mphepo ikundilanda ngodya imodzi.
Ndikagwira uku, uko kwauluka.
Kenako chitseko kwee, kuwala kwa tochi,
jekete pamwamba pa zovala zogonera.
Sakunena kanthu.
Wagwira mbali inayo,
akufunafuna njerwa ndi phazi.