Mkanjo wa Loya

Magetsi azimanso ku Yeoville.
Ndikupalasa makina ndi phazi ngati kwathu ku Mponela,
mkanjo wakuda wa mayi Mokgatle uli pamiyendo panga.
Mawa akaima nawo kukhothi la pachitunda lija
lomwe makoma ake ali ndi njerwa za ndende yakale.

Aima pakhomo, akuloweza mlandu mokweza,
ine mapini ali kukamwa.

Akuti malamulo aakulu a dziko ndi mpanda,
ndipo mpanda sutchinga mbuzi za amphawi zokha,
umabwezanso ng'ombe ya boma.
Akuti zimene buku linapatsa chigawo
likulu lisalande ndi kalata ya Lachisanu madzulo.
Akuti wolakwa akhale pafupi,
poti nkumupeza ndi thekisi imodzi,
nkumugogodera, nkumuloza chala.
Chigawo chimodzi chikaphonya, chapsa chokha;
likulu likaphonya, tonse tanunkha utsi.

Ndalavula mapini m'dzanja.
Mayi, ndatero, zimenezo telala amazidziwa.
Sindinasokepo jekete ya munthu
ndi muyeso wotumizidwa pafoni
osabwerera nayo kudzaphwasula.

Aseka. Koma ine sindinamalize.

Kwathu kuli kamlatho kanagwa mwana wanga Tiyese akukwawa.
Lero Tiyese ali Sitandade 6,
amavulabe nsapato powoloka,
fayilo ikuyembekeza siginecha ku Lilongwe
kwa munthu amene sanaondepo mtsinjewo.
Pamenepo ndikuvomerani.

Komanso ndinaona khansala wa pakhomo pathu penipeni,
amene tinkasewera naye mpira wachikulunga,
akudya ndalama za mjigo osatsuka mkamwa.
Wakuba wapafupi amadziwa pomwe umabisa kiyi.
Ndipo muno mu Joni, tsiku lija anthu a mumsewu uno
anabwera ndi zibonga kudzafunsa mapepala athu,
ndinkapemphera kuti lamulo lichokere kutali,
kwa wina wosatidziwa, wosatida.

Mayi Mokgatle akhala chete.
Kenaka akuti: nchifukwa chake mipanda imakhala iwiri,
wina kumtunda, wina kumunsi,
ndipo khothi limayenda pakati ndi tepi.

Kaya. Ine ndawaveka mkanjo.
Phewa lamanzere latsika pang'ono, monga mapewa onse
a anthu onyamula mabuku mbali imodzi.
Ndaphwasula msoko, ndasiya malo a chala chimodzi
kuti mawa akakweza dzanja pamaso pa oweruza
ulusi usadule mawu awo pakati.