Wotsuka Mabotolo

Ntchito yanga ndi madzi ndi sopo.
Wakabaza amanditsitsa pageti kusanayere bwino,
fumbi la ku Njewa lili m'nsidze,
mabotolo ali m'sinki kundidikira,
mazana awiri, kukamwa yasa.

Muno mulibe dzinja, mulibe chilimwe.
Magetsi akazima jenereta imatsokomola n'kudzuka.
Pamashelefu pali timitengo ta mawese
tosaposa chala changa cha mkombaphala,
tikuyamwa phala loonekera mkati ngati galasi,
mizu yoyera mbee, yosalidziwa dothi.

Dokotala Tumpale amati m'kambewu muli kalata
yaitali kuposa msewu wopita kwawo ku Karonga,
yolembedwa ndi zilembo zinayi zokha.
Iwo amafufuta apa, n'kulembapo china:
mtengo ufupike, wokolola afikire ali pansi,
nkhoko yopyapyala, mnofu wochuluka,
mafuta asamanunkhe msanga m'chigubu.
Amalume awo adagwa mumtengo wotere
chikwanje chili m'manja.
Adandiuza kamodzi, akuvula magolovesi,
osabwerezanso.

Ine ndidafunsa: nanga mwini kalatayo mudamuuza?
Adaseka.
Kenaka adayang'ana pawindo nthawi yaitali,
kumene alimi a fodya ankadutsa pathirakitala.

Lachitatu lija chuku chidalowa.
Mabotolo makumi anayi, miyezi isanu ndi inayi,
zonse ubweya wobiriwira.
Palibe adanditchula dzina.
Komabe ndidaunguza zikhadabo zanga chimodzichimodzi,
ndipo tiyi sadatsike.
Adokotala adataya okha timitengoto,
osalankhula, monga timachitira kumanda a ana.
M'mawa mwake adayambanso
pa botolo loyamba.

Madzulo pamsika ndimagula mafuta a m'kapepala,
omangidwa mfundo, okwana ndiwo za lero basi.
Dzana mtengo wake udakweranso.
Wogulitsa akuti ndi dola, akuti ndi sitima ku Beira,
ine ndikudziwa nkhalango yonse
yomwe ingakwane m'lichero.

Akuti zaka zisanu ndi zitatu, mwina khumi,
boma likavomera, mtengo ukalola,
ndipo sudzamera kuno, kuno n'kouma,
udzapita kotentha, kwa eni chinyezi.
Chiletso wanga ali sitandade 2.
Adzakhala atamera ndevu.

Sindidziwa ngati n'zabwino kukonza kalata ya mwini.
Usiku wina ndimati inde, wina ayi.
Koma lero botolo nambala 117
latulutsa tsamba lachitatu,
lakuthwa ngati nsonga ya singano,
lagunda chivundikiro.
Adokotala aitana aliyense, mpaka mlonda.

Ndaima kumbuyo, manja akudontha thovu.
Botololo ndidatsuka ndine.