Ikadzaza

Pa pepala tinali anayi, m'chipinda atatu.
Sungeni ndi mitundu yake: kubiriwira kwa tiyi wosathyola,
kutuwa kwa thanthwe la Chambe mvula itakata.
Mwatitha ndi manambala ake obisala kuseri kwa galasi la foni.
Ine ndi mapu, mizere yowongoka bwino
ngati ya mu kope la mwana wa sitandade thu.
Wachinayi, Upile, tinkamudziwa ndi uthenga umodzi:
"Ndikubwera, amwene."

A Namakhwa anati: pangani apu ya mlendo,
imunyamule pano pa Ndata mpaka ku Likhubula
osafunsa munthu njira.
Ndiye tinamuumba mlendoyo pa bolodi.
Tinamupatsa zaka makumi atatu, chikwama cha kumsana,
nsapato zosaopa matope.
Sankadwala. Kwawo sikunkagwa maliro.
Ndalama sizinkamuthera pakati pa ulendo.

Masabata asanu tinakanganirana batani limodzi,
likhale lozungulira kapena la makona,
magetsi akazima n'kumalijambula pa katoni ya sopo.

Loweruka tinapita kukaiyesa.
Apu inati: ola limodzi ndi mphindi khumi ndi ziwiri.
Pa Goliati wakabaza anayang'ana kumwamba, osati ife,
nati mtengo wa lero ndi wa chiperoni.
Njira yanga yachidule inawoloka mtsinje monyadira
pomwe mlatho unapita ndi madzi dzinja lija.
Pa Nkando minibasi inabangula, inasuntha pang'ono,
n'kubwereranso pomwe inali.
Kadontho kathu kabuluu kanakakamira pa galasi
ngati nkhupakupa pa khutu la galu.

"Chitakale! Limbuli! Mmodzi yekha tizipita!"
Mawu amenewo tinkawadziwa.
Upile, ndalama zopinda pakati pa zala,
fizi ya semesita ikulowa kamodzikamodzi.
Sanachite manyazi. Tinachita ndife.

Anatenga foni ya Sungeni ndi dzanja lonunkha petulo,
anaseka mpaka kutsokomola.
"Ola limodzi? Tsiku lanji?
Ku esiteti akalandira, iyi imadzaza usanapinde miyendo.
Pakati pa mwezi, gula chinangwa, ugone kaye.
Tsiku la msika nanazi amakhala pampando,
munthu amakhala pa nanazi.
Minibasi ilibe wotchi, ili ndi mipando."

Pambali panga panali mayi
atafungatira envelopu yaikulu ya ekiselo,
akupita ku chipatala cha Mishoni.
Anafunsa mtengo katatu,
akumasula ndi kumanganso mfundo ya chitenje,
ngati kuti akafunsa kachinayi utsika.
Upile anamulandira yoperewera, osawerenga.
Mu apu yathu munalibe bokosi lolembamo zimenezo.

Ku Likhubula tinafika phiri litafunda nkhungu.
Sitinaone kanthu. Tinamva madzi okha.

Lolemba tinali anayi.
Ndinafufuta mlendo uja ndi chikhatho,
nsapato zake n'kutsalira m'mizere ya dzanja langa,
ndipo pamalo pake ndinajambula envelopu.
Upile ankalankhula, Mwatitha ankalemba,
mitengo iwiri pa msewu uliwonse: wa dzuwa ndi wa matope.
Batani lija palibe anakumbukira kuti tinagwirizana zotani.
Pamene pamayenera kukhala nthawi yonyamukira
Sungeni anaikapo mawu amodzi, obiriwira ngati tiyi:
Ikadzaza.

A Namakhwa anawazunguliza ndi inki yofiira.
"Iyi si nthawi," analemba m'mbali,
n'kutipatsa malikisi osakwana kunyadira,
osakwananso kulira.

Tikutuluka, anamukoka Upile pakhomo,
mawu atatsitsa ngati wopempha ngongole:
galimoto lawo lili kwa makaniko,
Lachisanu kuli chinkhoswe ku Muloza,
ndiye pa siteji afikepo nthawi yanji?

Upile anayang'ana kumwamba kaye.